Galimoto ya Khonsolo ndi Gogo wa ku Romford

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, chimfine chija chinandisiya.

Kuntchito zinthu zasintha. Khonsolo inati tisamayenderenso odwala ndi okalamba pa galimoto zathu. Pali galimoto zobwerekana zimene zimaima m'misewu. Umasungitsa pa foni maola amene ukufuna, n'kutsegula ndi khadi, ukamaliza n'kuibweza pomwe unaitenga.

Lachiwiri ndinasungitsa maola awiri kuti ndikaone gogo wina wachizungu amene amakhala yekha ku Romford, dera lina la kuno kutsidya la nyanja. Ndinagogoda kangapo, zii. Mayi woyandikana nawo anabwera ndi kiyi, ndipo tinawapeza gogowo ali pansi m'bafa, atagwa kuyambira m'mawa. Ndinaitana ambulansi.

Tikudikira, nthawi ya galimoto inatha, pomwe mnzanga wakuntchito, Mayi Phiri a ku Zambia, anali ataisungitsa pambuyo panga. Ndinawaimbira n'kuwafotokozera.

Anandiyankha kuti, “Musawasiye okha agogowo. Ine nizakwela basi.”

Gogowo anandigwira dzanja osandisiya mpaka ambulansi itafika. Anathyoka fupa la m'chiuno, koma akuchira kuchipatala. Galimoto ndinaibweza madzulo.

Chimene ndikupempha n'chakuti muzidutsa kwa Amayi m'mawa uliwonse, ngakhale atakuuzani kuti ali bwino. Ndipo kiyi wina wa nyumba yawo azikhala ndi inu.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tamandani