Wailesi ya ma CD ndi kaseti ya amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe ndi kuzizira kwa chiperoni.

Za wailesi ya ma CD mukufuna kutitumizirayo, mtima wanga sukukhazikika. Loweruka nditaweruka kothyola tiyi, ndinapita ndi amayi kukaona ya a kapitawo athu, imene anagula chaka chatha atagulitsa njinga. Imalira bwino, sindinama. Koma eni akewo ayamba kale kudandaula kuti ku Limbe anthu akufuna za DVD, yawoyo akuti yatha fasho. Chaka chimodzi chokha!

Nyimbo itatha, amayi anasendera pafupi ndi wailesiyo, n'kukhosomola monga amachitira tikamakujambulirani kaseti. Anayamba kukupatsani moni m'Chilomwe. A kapitawo anati, "Pepani amayi, imeneyi sijambula mawu, imangoimba basi." Amayi anangonyamuka, tinabwerera kunyumba.

Iwo salemba, kalata yawo ndi kaseti. Wailesi yathu yakale inaduka lamba, ndipo wokonza wa pa boma akuti malamba ake anasiya kubwera. Chonde, yodulayo isiyeni. Mutipezere ya kaseti, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola izijambula.

Dzulo amayi anandifunsa kuti, "Nanga iye kumeneko akadali nayo yomverera makaseti anga?" Mundiuze zoona msanga, chifukwa akufunsabe.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati