"Tatuluka" ya Asekuru

Lachinayi, Julayi 2008, Kwekwe. Kwazizira, ndipo mtima suli m'malo.

Mwana wanga Lameki sanabwerebe. Analowa dzana m'migodi yakale ya ku Gaika ndi makorokoza anzake, okumba golide mozemba, poti m'nyumba ufa unatha.

Asekuru, apongozi anga, agogo ake aamuna a Lameki, mano anatha, chifuwa chinadzaza fumbi la mumgodi, koma muno oseka ndi iwo okha. M'mawa uliwonse amakhala pakhomo, n'kuyang'ana dzuwa, n'kuti, "Tatuluka!" Ndi mawu amene ankanena ndi anzawo keji, chikepe cha mumgodi, ikawafikitsa kumtunda.

Lero ndinawapsera mtima. "Bambo, mukusekera chiyani mdzukulu wanu ali pansi?"

Anandiyang'ana, n'kuti, "Amake Lameki, anzanga ambiri anatsala pansipo asanamere imvi. Dzuwa lawo ndimawawothera ndine. Ndikaliwotha nkhope ili ndwii, ndiye kuti ndawabera."

Kenako anayamba kutchula mayina a akufawo mmodzimmodzi, mwachikondi, ngati akuwaitanira tiyi. Ndinamvetsera dzina lililonse. Dzina la Lameki sanalitchule. Koma atamaliza, milomo yawo inapitiriza kugwedera, ndipo ine sindinayerekeze kuwafunsa kuti akutchula dzina la yani...