Ndachotsa Zisanu ndi Ziwiri, Ndabwezera Kamodzi

Lolemba, 9 Juni

Abwana andipatsa chilengezo cha ntchito kuti nditayipe. Akufuna kalaliki "wachinyamata, wodziwa bwino kompyuta". Mpando wake ndi wanga womwewu. Zaka 19 pa desiki imeneyi, lero ndidzikumbire ndekha dzenje! Ndatayipabe, mtima ukuwawa. Kompyuta yakana kusunga, ati yadzaza. Ndaseka ndekha.

Lachiwiri, 10 Juni

Wokonza makompyuta, amene timamutcha Bambo Mawa, sanabwere. Ndikanangokhala chete, chilengezocho chikanafera momwemo. Koma mawu aja oti "wodziwa bwino kompyuta" akundiyabwa. Masana ndaimbira mwana wanga wamkazi. "Amayi, tsegulani zenera lakuda lija muzilembamo malamulo, sililuma."

Ndalemba apt remove, kenako dzina la pulogalamu. Masewera a makadi a adalaivala, apita. Pulogalamu yokonzera zithunzi imene palibe amaigwira, yapita. Zonse pamodzi zisanu ndi ziwiri.

Lachitatu, 11 Juni

Malo akadali ochepa. Mwana akuti pulogalamu iliyonse imabwera ndi timapulogalamu toiperekeza. Mwini wake akachoka, timatsala tikudya malo ngati alendo osatsanzika. Mankhwala ake ndi apt autoremove. Mndandanda wautali unatuluka, kompyuta n'kufunsa ngati ndikuvomera. Kuwerenga? Ine katswiri? Ndinangodina Y. Malo mbwee! Ndinayenda m'khonde ngati mwini kampani.

Masana pulinta zii. Yasiya kumva.

Lachinayi, 12 Juni

Kuthamanga si kufika, ndaona ndekha. Abwana m'mawa: "Mwaiwononga eti, mayi?" Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Mwana sakuyankha foni, ali kuntchito.

Ndinakumbuka kuti anatchulapo fayilo imene kompyuta imalembamo zonse zimene yachotsa. Ndaipeza ndekha. Mizere 63. Magalasi pamphuno, rula pa sikirini, mzere ndi mzere. Kapulogalamu kamodzi kali ndi dzina la pulinta yathu. Kanabwera moperekeza pulogalamu ya zithunzi ija, koma pulinta nayo inkakadalira. Ndakabwezera ndi apt install. Pulinta inatsokomola n'kulavula pepala. Akanati asakhalepo anthu, ndikanavina.

Lachisanu, 13 Juni

Bambo Mawa atulukira lero, ntchito itatha kale. Anayang'ana, kuyang'ananso. "Ndiye ine mwandiitanira chiyani?" Ndinawathirira tiyi, ndine munthu wachifundo.

Chilengezo ndasindikiza, chopanda cholakwika ngakhale chimodzi, ndachiika pa tebulo la abwana. Pamwamba pake, kalata yanga yofunsira ntchito yomweyo. Za uchinyamata ndilibe chonena. Za kompyuta ndalembamo zonse: zimene ndachotsa, chimene ndinalakwitsa, ndi mmene ndachikonzera. Sindinabise kanthu.

Abwana akuwerenga panopa, chitseko chili pululu. Awerenga kawiri. Chilengezo achitembenuza chafufumimba. Ine mutu ndaudzutsa.

Akundiitana.