Nambala ya Bambo a Kondani

Chalimbana,
Chongwe.
20 Okutobala 2024

Okondedwa akulu anga amake Chiko,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kwanu ku Katete. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiphika. Chitsime chathu chinauma mwezi watha, madzi tikukatunga kutali kuseri kwa yunivesite, ndipo magetsi amangobwera kudzalonjera n'kutsanzika nthawi yomweyo. Thupi langa silikudwala, koma ndatopa, akulu, kutopa kosatha ndi tulo.

Musadabwe kuti ndakulemberani papepala ngati kale, pomwe munanditumizira ndalama yogulira foni. Foniyo ndagula, ili pano patebulo ikunyezimira. Koma nkhani imene ndili nayoyi ndikati ndiyambe kuilankhula mawu amandithera pakhosi, komanso ndimakudziwani inu, foni mumaiika pa sipika kuti nyumba yonse imvere limodzi. N'chifukwa chake ndapatsira Lister, mnansi wanga amene amabwera kwanuko kudzagula nyemba, kuti akupatseni pamanja.

Mwakhala mukundinyogodola chifukwa cha foni ya malemu amuna anga a Ezron, ndipo simunaname. Batire linali litatupa, chivundikiro ndinkachimanga ndi kamphira, galasi losweka lija linkandicheka chala. Watsapu inakana kalekale, zithunzi za adzukulu anu zonse munkatumiza zija sindinaonepo ngakhale chimodzi. Mwana wanga Hellen, amene akugwira ntchito ya m'nyumba ku Silverest, ankaitenga nthawi zina kukaitchaja pa sola ya abwana ake, n'kubwera atakwinya nkhope. "Mami, iyi foni inichititsa nsoni. Ba madamu ananifunsa ngati n'naitola mu bini." Ine ndinkangoseka n'kuibweza m'kamisolo. Nonse munkati ndi kuumira. Sikunali kuumira, ndipo lero ndikuuzani chimene chinali.

Mukukumbukira mmene mwana wanga Kondani anachokera pakhomo pano. Iye ankafuna kuti tigulitse ng'ombe zolimira kuti akaphunzire kuyendetsa magalimoto akuluakulu, bambo ake anakana, mawu anakula, mpaka a Ezron anamuuza kuti akatuluka pa geti asadzabwerenso. Mwanayo anatulukadi, tinangomva kuti anamuona m'basi ya ku Joni. Inu ndi abale onse mumadziwa kuti kuyambira pamenepo sanamvekenso. Koma ankamveka, akulu.

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa, foni ya bambo ake inkalira, nambala yake yakunja. Mmene amadziwira kuti kuno yagwa sindikudziwa, mwina amaona pa foni za nyengozi. Sankapereka moni. Ankangofunsa mawu amodzi okha: "Mwabyala?" Ndiye muwaone a Ezron, munthu woti ngakhale aponde nkhuku ya eni sankadziwa kupepesa, akukwera pachulu pamene netiweki imagwira bwino, n'kukhala pansi n'kuyamba kufotokoza. "Tabyala ku dambo, kumtunda tikali. Ng'ombe yako ija ya mawanga yabala. Amai ako ali bwino, mwendo chabe." Ankalankhula choncho mpaka foni idukire yokha. Palibe ankati pepani, palibe ankati bwera. Akatsika pachulupo ankanamizira kuti m'maso mwalowa fumbi, mvula itagwa kumene.

Nambalayo inkakhala ina chaka chilichonse. Tikaimbanso ankayankha anthu achilendo m'chilankhulo chosamveka, kusonyeza kuti amachita kubwereka. A Ezron anandiletsa kuuza munthu aliyense, ngakhale Hellen, ati anthu akadziwa adzamuthamangitsa ndi mafunso. Ndiye kumene amakhala sitikudziwa, nambala yake tilibe. Njira imene ilipo pakati pa ine ndi mwana wanga ndi imodzi yokha, nambala ya bambo ake, imene iye anailoweza pamtima ali mwana. A Ezron anatisiya mwezi wa Meyi, mvula itatha kale. Kondani mpaka lero sakudziwa kuti bambo ake anamwalira.

Tsopano mumvetsa zimene ndinachita pamaliro paja, tsiku logawa katundu wa malemu. Banja lawo litasankha alamu anga a Dingani kuti ayang'anire chuma cha mbale wawo, iwo anatenga njinga, jekete, ndi reji ya malemu, chitupa chawo cha boma chija, kuti akasunge pamodzi ndi mapepala. Sindinatsutse. Koma atatambasula dzanja kuti atenge foni pamphasa, ine ndinaitsomphola n'kuiponya m'kamisolo anthu onse akuona. Inu munanditsina pantchafu, chipsera chake ndikadali nacho mumtima. Anthu anayamba kunong'onezana kuti m'foniyo muli ndalama. A Dingani ananyamuka osadya n'komwe, ati, "Mlamu, mwaniyalutsa pa wanthu." Ndikanawafotokozera bwanji pagulu ngati lija, mwamuna wanga atandiletsa, ndipo dothi la pamanda ake lisanaume?

Mwezi wathawu foni ija inayamba kuzima yokha. Ukaiyatsa m'mawa, pofika masana yafa, ngakhale usanaigwire. Ndinayamba kuchita mantha kuti mvula idzagwa, mwana adzaimba, n'kupeza yozima. N'chifukwa chake ndinavomera ndalama yanu. Mundikhululukire, sichinali chifukwa cha zithunzi za adzukulu.

Kusaka foni yotchipa masiku ano ndi ntchito yofuna munthu wa miyendo iwiri yabwino, ndipo ine ndili ndi umodzi ndi theka. Ndinayambira pa boma pa Chongwe. Imene ndinaiona Lolemba, pobwerera Lachisanu inali itakwera mtengo, ati dola yakwera, ngati kuti foniyo inapita kunja pakati pa sabata n'kubweranso. Kenako ndinakumana ndi mtsikana wina pansi pa ambulera, wogulitsa mafoni olipira pang'onopang'ono. Analankhula mokoma mpaka ndinatsala pang'ono kumasula mfundo ya chitenje. Ndinamufunsa kuti, "Nanga siku nalephera kulipira?" Iye anati, "Izikhoma yeka, ba mayo, mpaka mulipire." Ndinamanganso chitenje changa. Mlimi amene sanakolole kanthu chaka chino sangalonjeze kulipira tsiku ndi tsiku, ndipo foni yodzitseka yokha ndinali nayo kale kunyumba.

Loweruka la sabata yatha Hellen anapatsidwa tsiku lopuma, ndiye tinakwera minibasi kupita ku tauni ku Lusaka. Tinalowa sitolo ndi sitolo, dzuwa lili pamutu, anyamata akutikoka manja uku ndi uku. Mwendo wanga unatupa mpaka nsapato inayamba kuluma. Pomalizira tinafika pa kakauntala ka bambo wina dzina lake Boyd, mkati mwa kanjira kopanikiza, wogulitsa mafoni ogwirapo kale ntchito ochokera kunja. Anatulutsa ina yabwino ndithu, yopanda chipsera, batire lake ati limagona masiku awiri. Mtengo unali wopitirira ndalama yanu, koma ataona yakale ija m'manja mwanga anati, "Mukanisiyira iyo ya kudala, nizakuchotselaniko. Nifuna ma sipeya." Ndinanenerera ngati ndikugula tomato wa pikulitsa, mpaka tinagwirizana, yotsala n'kukwanira basi yobwerera. Ndinadziona wochenjera, akulu. Kusiya foni ya amuna anga kunandiwawa, koma ndinadziuza kuti chofunika si chigoba, ndi nambala.

Boyd anachotsa simu m'foni yakale kuti aiike m'yatsopano, koma inakana kulowa. "Simu yanu ni ikulu, ba mayo. Mafoni a manje afuna kang'ono. Tizadulako chabe." Anafunafuna kachida kodulira, n'kupeza kuti mnzake anabwereka, ndiye anatenga sizasi. Ndinagwira dzanja lake n'kunena kuti, "Imani, iyi simu siifunika kuonongeka." Iye anaseka. "Ba mayo, nadula masimu ambiri kupambana tsitsi la pamutu panu." Hellen nayenso, atatopa ndi njala, anati, "Mami, ni vamene achita onse. Tiyeni timalize tiyende." Ndinakumbukiranso kuti a Ezron anaidulitsapo kamodzi pamene ankasiya foni ya mabatani, ndipo sinafe. Ndiye ndinachotsa dzanja langa. Palibe anandikakamiza, ndinavomera ndekha.

Anadula mbali zonse, anaiika. Foni inayaka bwinobwino, koma netiweki kunalibe. Anaitulutsa, anaiuzira mpweya, anaipukuta pa buluku, anaiikanso. Zii. Anaibwezera m'foni yakale, nayonso zii. Simuyo inali yakalekale, kachitsulo kake kagolide kanali kakakulu, ndipo sizasi inali italowa mpaka m'katimo. Boyd thukuta linali kamukamu. Sanali munthu woipa, anapepesa mpaka anandipatsa simu ina yatsopano yaulere. "Osadandaula, ba mayo. Muyende chabe ku ofesi ya kampani, azakupasani inangu, nambala imodzimodzi."

Ku ofesiko tinaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Mtsikana wa pakauntala anaona pa kompyuta n'kunena mwaulemu kuti, "Iyi nambala ni ya ba Ezron. Abwere beve na reji yao." Ndinamuyankha kuti, "Ali ku manda, mwana wanga." Anandiyang'ana mwachisoni, anandikokera mpando, n'kundifotokozera bwinobwino. Ati popeza mwini wake anamwalira, afunika kubwera munthu amene banja linamusankha kuyang'anira chuma, atatenga pepala lake la kukhoti ndi reji ya malemu. Ndiye anawonjezera mawu amene sakundichoka m'makutu: "Koma osachedwa, ba mayo. Nambala ikagona masiku ambiri ipasiwa munthu winangu."

M'minibasi pobwerera ndinamuuza Hellen zonse za mchimwene wake. Tinafika pa siteji yake ku Silverest. Potsika anatembenuka, misozi ili mbwembwembwe, n'kunena kuti, "Mami, sembe munaniuza. Sembe sin'nalole agwire sizasi." Ndinafika kunyumba ndi foni yokongola ya maso atatu kumbuyo, imene mwana wanga sadziwa nambala yake.

Sabata yonseyi ndakhala ndikukwera pachulu paja n'kumaimba nambala ya a Ezron pa foni yatsopanoyi. Amayankha ndi mayi wa m'makina uja, kuti nambala imene mwaimba sikupezeka. Amenewo ndiwo mawu amene Kondani adzamve. Adzayesa kawiri, mwina katatu, pa foni yobwereka, kenako adzaganiza kuti bambo ake asintha nambala dala, kuti mawu a pa geti aja tsopano awakwaniritsa. Ndipo mwana ameneyu ndimamudziwa, mtima wake ndi wa bambo ake. Sadzaimbanso.

Ndiye pempho langa ndi ili, akulu. A Dingani ndawaimbira, akangomva mawu anga amadula, ndipo sindikuwadandaula. Nkhani ngati iyi siyokonzera pa foni. Mudzi wawo suli kutali ndi kwanu. Chonde mupite nokha pamodzi ndi alamu, amuna anuwo, munyamule nkhuku, mukandigwadire. Mukawawerengere kalatayi kuyambira pamene ndatchula dzina la Kondani, chinsinsi chatha ntchito tsopano. Muwauze kuti Kondani ndi magazi awo, mwana wa mkulu wawo. Abwere ndi reji ija ndi pepala la kukhoti, akhoza kukwera limodzi ndi Lister pobwerera. Za basi ndigulitsa mbuzi imodzi, asade nkhawa.

Muwauzenso kuti foni ya mbale wawo imene ankaifuna ija ndilibenso, ili m'kabati ya masipeya ku tauni. Koma yatsopanoyi ndi yawo. Ndiibwezera m'bokosi lake, ngakhale kapulasitiki ka pagalasi sindinamatule. Ndikudziwa kuti ndi ndalama yanu inagula, ndi miyendo yanga inasaka, ndipo mukhoza kundikalipira mmene mungafunire tikadzaonana. Ine kafoni ka mabatani kandikwanira, bola kalire.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndikudalira pakamwa pawo pofatsa paja. Moni kwa Chiko ndi ana ake, muwauze kuti zithunzi zawo ndaziona tsopano, Hellen anandiikira m'foni yatsopanoyi, akula bwino, wamng'onoyo watenga mphumi yanu. Hellen akupereka moni, ngakhale masiku ano sakundilankhula kwambiri.

Mbeu ndasankha kale, makasu ndakhomera, kudambo ndagalauza mmene ankachitira a Ezron, kuti mwana akadzafunsa ndidzakhale ndi chomuyankha ndisanamuuze zinazo. Dzulo madzulo kummawa kunachita mitambo yakuda, mphepo inanunkhira dothi lonyowa, ana a kwa aneba anayamba kuvina pabwalo. Lero kutchalitchi abusa anatiimiritsa tonse kuti tipempherere mvula, poti chilala cha chaka chino chatisiya opanda kanthu m'nkhokwe. Anthu analira, ena anagwada pasimenti. Inenso ndinatsinzina nawo, koma ameni sindinanene. Mulungu andikhululukire, akulu, m'Chalimbana monse muno ndine ndekha mlimi amene ndikupempha kuti mvula ichedweko.

Fulumirani, chonde.

Ine mng'ono wanu,
Nelesi, amake Kondani