Ndani Ayambe Kunena du

Lolemba, 3 Novembala

Ndine Eckhard Brüggemann, wa zaka 83. Sukulu sindinapite nayo patali, dzanja nalo limanjenjemera, choncho ndizilemba pang'onopang'ono.

Mayi Oltmanns a nyumba yoyandikana nayo akuchoka Loweruka. Mwana wawo Wiebke akuwatenga kukakhala ku Stuttgart chifukwa cha mwendo wawo. Andiuzira pampanda, ngati akunena za mvula.

Tinayandikana ana athu asanayambe sukulu. Tinaika amuna awo, tinaikanso mkazi wanga Lotte. Koma mpaka lero timaitanana Sie, ndiye kuti inu m'chiyankhulo chathu. Du, iwe, sanatulukepo pakamwa pathu. Ndikufuna ndimumve asanapite. Basi, ndalemba.

Lachiwiri, 4 Novembala

Khofi kwawo, ndi keke ya maapozi. Makatoni ali mbwee.

"Bambo Brüggemann, mukudya ngati mpheta."

"Mano awa ndi ogula, mayi, ndimawasamala."

Anaseka mpaka kutsokomola.

Kamawu ka Sie kamandisowetsa mtendere. Komweko ndi inu, komweko ndi iye wamkazi, komwekonso ndi iwo, anthu ambiri. Ndikamayankhula nawo zimakhala ngati m'chipinda mwadzaza anthu, chonsecho tili awiri.

Lachitatu, 5 Novembala

Mvula. Mtsikana wogulitsa buledi wandiuza du. Amatero kwa aliyense, ngakhale kwa galu wa abusa. Zimenezo siziwerengedwa. Wotsiriza kundiuza du wochokera mumtima anali Lotte, m'chipatala, pondikalipira kuti ndavala masokosi osiyana.

Bambo anga anandiphunzitsa kuti mwamuna sayamba du kwa mayi. Amadikira mayiyo amupatse. Ndadikira. Sindine munthu wopanda khalidwe.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndinayeseza pagalasi pometa ndevu. Du. Milomo imachita ngati ukuuzira supu. Ndadzicheka pachibwano.

Lachisanu, 7 Novembala

Wiebke wafika. Ndinapita kukathandiza kumanga makatoni, ngakhale ntchito yanga inali kugwira chingwe chabe. Amayi ake atalowa kukhitchini, Wiebke anandiyang'ana cham'mbali.

"Inu awiri mumanditopetsa, Bambo Brüggemann. Amayi akuti ndinu ouma ngati buledi wadzana."

"Ndalakwanji ine?"

"Akuti wamkulu ndinu, ndiye du ayenera kuchokera kwa inu."

"Ayi, mwanawe. Amayamba ndi mayi."

"Kwathu amayamba ndi wamkulu. Agogo anawaphunzitsa choncho. Chitsirizireni maliro a Mayi Lotte akungodikira."

Ndinakhala pakatoni ya mbale. Wiebke anati ndidzuke ndingaswe zinthu. Ndinadzuka, ndinabwera kwathu, chakudya sindinachikhudze. Iwo kuseri kwa mpanda ndi lamulo lawo, ine kuno ndi langa. Aliyense kulemekeza mnzake mpaka tsitsi kuyera.

Loweruka, 8 Novembala

Ndinavala jekete ya kutchalitchi. Mayi Oltmanns ndinawapeza atakhala kale m'galimoto, ndodo ili pamiyendo, chitseko chisanatsekedwe. Ndinagwira chitsekocho.

"Irmtraud," ndinatero. Dzina lawo limeneli ndinkangoliona pamakalata osochera. "Wamkulu ndine. Ndiye ndati... du."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wachedwa bwanji, Eckhard iwe. Ndipo wadzicheka."

Anandigwira pamkono wa jekete, osasiya, mpaka Wiebke analiza galimoto. Zina sitinanene. Panalibe nthawi.

Tsopano mazenera ake alibe makatani. Masamba awa ndiwang'amba m'kabuku kanga aka, ndiwatumize Lolemba, zolakwika ndi zonse.

Irmtraud, iwe. Taona mmene dzanja likuvutikira, silinazolowere. Ukawerenga undiyankhe, ngakhale mizere iwiri. Undiuze ngati mwendo wapirira ulendo, ndiponso ngati buledi wa kumeneko amadyeka. Ena amati m'kalata du amalembedwa ndi chilembo chachikulu, ena amati chaching'ono. Iwe lemba mmene ungafunire, koma umulembe kambirimbiri.