Lipenga Limafuna Mano

Winneba
12 Disembala

Okondedwa Bambo,

Khalani kaye pansi musanawerenge. A Essilfie, mkulu wa bandi yathu, andisankha kuti nditsogolere malipenga pa chionetsero cha Chaka Chatsopano. Ine Kukua, mwana wanu wamkazi, kutsogolo kwa amuna onse aja, ovala zigoba kumaso akuvina pambuyo panga tauni yonse ikuonerera! Chindiuzireni sindikudya bwino, ndikungomwetulira ndekha mumsewu ngati wozungulira mutu.

Koma mwayiwu unatsala pang'ono kundipulumuka, ndipo m'kalata yapita ija ndinakubisirani. Kuyambira Okutobala nkhama zanga zinkatuluka magazi. Ndinachita monga munkachitira inu muli m'bandi: ndinasiya kutsuka pamene pankatuluka magazipo kuti papole, n'kumangochukucha m'kamwa ndi kachasu pang'ono. Masiwiti onyowetsera kukhosi aja sindinasiye. Tsiku lina tikuimba pamaliro ku Swedru, ndikukankhira lipenga pamlomo kuti ndikweze mawu, ndinamva dzino lakutsogolo likugwedera. Lipenga linalira ngati mbuzi yopanidwa ndi chitseko.

Ebo, woimba ng'oma uja, sanachedwe. "Achemwali, lipengalo nalonso ndi lofedwa? Tilipepese?"

Anzathu anaseka, koma a Essilfie sanaseke. Analanda lipengalo, naona magazi pamene ndimaika mlomo, ndipo ndinawaululira za dzino lija.

"Iwe, mawa kuchipatala. Bambo ako ankaliza kuposa tonsefe, mano atagwa zinathera pomwepo. Sindifuna kuonanso kachiwiri. Likapanda kulimba dzinolo, kutsogolo ndiika wina."

Kuchipatala ndinapeza mayi dokotala wa mano, wamfupi, wapakamwa ngati ogulitsa nsomba kugombe. Nditawafotokozera anavula magalasi.

"Ndiye nkhama zikatuluka magazi mumazisiya zipume? Nanga bala likalowa mchenga, mumausiya mchengawo upume?"

"Ndi mmene tinaphunzirira kwathu, mayi."

"Kwanuko atsala ndi mano angati?"

Maganizo anga anathamangira kwa inu.

Anandipala litsiro louma gwa lomwe linamatirira m'munsi mwa mano, nati mwayi wanga chiseyeyecho chinali chisanapite patali. Akuti chotulutsa magazi ndi litsirolo, osati mswachi. Anandilamula kutsuka m'mawa ndi pogona, ndi mswachi wofewa ndi mankhwala ake, modekha mpaka m'mphepete mwa nkhama momwe ndinkaopamo, ndi kupititsa kaulusi pakati pa mano. Kamtengo kathu kotafuna sanakaletse, anati n'kabwino ndikatha kudya nsima yathu ya kenke. Masiwiti okha ndiwo anawakana kwamtuwagalu, akuti kukhosi kukauma ndizimwa madzi. Masiku oyambirira magazi ankatulukabe ndipo ndinawanyoza mayiwo chamumtima. Kenako ndinangoona thovu lolavula layera, ndipo dzino lija pang'onopang'ono linagwira.

Loweruka lapitali a Essilfie anandiimika pamaso pa bandi yonse kuti ndiyesedwe. Ndinakweza mawu aja, ndinawagwira mpaka agalu a kuseri kwa tchalitchi anayamba kuuwa, dzino osasuntha. Mkuluyo anangoti, "Kasoketse yunifolomu yoyera." Ebo akuti tsopano mano anga akuwala kuposa lipenga, azindiika kutsogolo magetsi akazima. Koma dzulo ndinamupeza kuseri kwa galimoto akulimbana ndi kaulusi m'kamwa, ndiye asandinamize.

Tsono pempho langa ndi ili. Uzani achimwene Fiifi akukwezeni basi kuchokera ku Tamale kubwera kuno Khirisimasi isanafike. Mukafika tidzapita limodzi kwa mayi aja akaone mano anu atsala kumbuyowo, chifukwa akuti amenewonso angathe kusamalika. Adzakukalipirani, ndakuchenjezeranitu, koma musakane.

Ndikudziwa kuti chisiyireni kuimba simupita ku chionetsero, mumati phokoso limakupweteketsani mutu. Sindinakhulupirirepo zimenezo, Bambo. Zimandiwawa kuti panalibe wokuuzani zomwe andiuza inezi, chifukwa bwenzi chaka chino kutsogoloko tikuyenda awiri.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndipo ana awo muwaone m'kamwa asanagone. Inu mudzangoima pamphambano ya kumsika, pamthunzi. Ndikadzafika pamenepo ndidzatembenuzira lipenga kwa inu, ndipo mukadzafuna kuseka mudzaseke, osatseka pakamwa ndi dzanja.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Kukua