Kulira kwa Kilachi ya Pikapu Yathu ndi Mwendo wa Bambo Namakhwa

KALABU YA MPUNGA NDI MATEMBA YA TIYENDEBE
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 17 Meyi 2025
Malo: Pakhonde la shedi ya mpunga, Kachulu, T/A Mwambo, Zomba
Opezeka: Che Saidi Amini (Wapampando), Mayi Elenala Namakhwa (Mlembi), Bambo Wilisoni Namakhwa (Dalaivala), Abiti Yasini, Bambo Yamikani Muhoni
Woitanidwa: Che Nasiru, makaniko wa ku Songani
Opepesa: Bambo Gerishomo Nikisi, ali ku chilumba cha Chisi ku sadaka ya apongozi awo

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 9:20 m'mawa ndi duwa (pemphero lachisilamu) ya Wapampando. Zolembedwa za msonkhano wapita zinawerengedwa ndipo zinavomerezedwa.

2. Phokoso la pikapu

2.1 Wapampando anati pikapu ya kalabu, yomwe yatinyamulira mpunga ndi matemba kupita ku Songani kuyambira 1994, yayamba kulira ngati mbewa yogwidwa pamsampha. Anati kumweta mpunga kwayamba, ndipo galimotoyi ikatigonera tsopano, matumba athu angounjikana pashedi pano.

2.2 Bambo Wilisoni, omwe ayendetsa galimotoyi chiigulireni, anati ndi lamba wa fani chabe, ndipo anampaka kale sopo. Abiti Yasini anati sopo amene wathera pa lamba ameneyu bwenzi atachapira mudzi wonse, koma kulira kuli pomwepo.

2.3 Che Nasiru anapempha komiti kuti ipite pagalimoto. Analiza injini giya ili pa nyutulo, phazi lili pansi osati pachopondera. Panalibe phokoso lachilendo. Atangokhudza chopondera cha kilachi, tswiii! Atachotsa phazi, zii. Anatero katatu. Anafotokoza kuti phokoso likamamveka phazi lili pansi n'kuleka ukaponda, vuto limakhala mu giyabokosi, koma likamabwera ukaponda, ndiye kuti bering'i ya kilachi yauma. Anati ayenera kutsitsa giyabokosi, kusintha bering'i, ndi kuona ngati puleti ya kilachi yadyeka. Ndi ntchito ya masiku awiri.

2.4 Wapampando anakumbutsa kuti bering'i yomweyo inasinthidwa mu Okutobala, nanga yatha bwanji? Che Nasiru anakanda m'mutu. Anati bering'i imeneyi imayenera kugwira ntchito posintha giya pokha. Ikatha m'miyezi isanu ndi iwiri, ndiye kuti phazi la dalaivala silichoka pachopondera ulendo wonse. Anationetsa labala wa chopondera, wodyeka mpaka chitsulo kuonekera. Anati yatsopano aika ndithu, koma phazi likapanda kusintha, kudzakhala kutungira madzi m'dengu.

2.5 Bambo Wilisoni anapsa mtima. Anati Che Nasiru anayamba kugwira sipanala galimotoyi itatha kale matayala osawerengeka. Anati chaka chomwe nyanja inaphwa anaiyendetsa pamatope ouma mpaka kufupi ndi Chisi, osatitimira ngakhale kamodzi. Anati, "Ine za kilachi andiphunzitse ndani?" Wapampando anawapempha mwaulemu kuti akhale pachiwongolero, aponde, achotse phazi, tonse tione. Bambo Wilisoni sanadzuke.

3. Mawu a Mlembi

3.1 Wapampando anati Mlembi, popeza ndi mayi akunyumba kwa Bambo Wilisoni, anene zomwe akudziwa. Mlembi anakana, anati ntchito yake ndi kulemba. Abiti Yasini anati, "Achemwali, galimoto imeneyi timakwera ndi ana kumbuyo. Nenani."

3.2 Mlembi anati chichokereni kuchipatala mu Ogasiti, mwendo wamanzere wa abambo sunabwerere mwakale. Kuponda umaponda, koma kunyamuka umakana. M'mawa pokwera amaunyamula ndi manja awiri n'kuuika pachopondera, ndipo umakhala pomwepo mpaka ku Songani. Mlembi anati wakhala akuziona zimenezi ali pazenera n'kungotseka pakamwa, chifukwa tsiku lopanda ulendo abambo amangokhala pakhonde kuyang'ana msewu, kudya osadya, kuyankhula osayankhula. Mlembi walemba mawu akewa monga malamulo a kalabu akunenera, koma zamuwawa, ndipo sakubisa.

3.3 Bambo Wilisoni anati sakutsutsa. Anati chomwe ayamba kuchisowa asanasiye n'komwe ndi m'mawa uja pochoka pano fumbi lisanadzuke, fungo la matemba lili kumbuyo, phiri la Zomba likukula pang'onopang'ono pagalasi, anthu m'njira akukweza mkono n'kumawatchula dzina. Anati ana amene ankawanyamula ali kumsana kwa amayi awo lero amawaimitsa ali ndi ana awoawo. Anati, "Munthu wa pakhonde samukwezera mkono."

4. Zomwe tagwirizana

4.1 Che Nasiru atsitse giyabokosi Lolemba pompano pashedi, pamthunzi. Abwere ndi bering'i yatsopano. Puleti aisinthe pokhapokha ngati yadyeka. Sopo asapakidwenso paliponse.

4.2 Wapampando anapereka ganizo loti Bambo Yamikani, omwe ali ndi laisensi, ayambe kuyendetsa kuyambira Lachinayi. Bambo Yamikani anati iwo safuna kulanda mpando wa munthu ali moyo. Wapampando anati tikweze manja. Palibe anakweza. Woyamba kukweza anali Bambo Wilisoni eni ake, ena n'kutsatira maso ali pansi. Mlembi anakweza pomaliza.

4.3 Che Nasiru analangiza Bambo Yamikani kuti akasintha giya, phazi lizibwerera pansi nthawi yomweyo, ngakhale pamchenga.

5. Zina ndi zina

5.1 Bambo Wilisoni anafunsa motsitsa mawu ngati mpando wakutsogolo, wa pambali pa dalaivala, uli ndi mwini wake. Aliyense akudziwa kuti uli naye. Abiti Yasini akhala pamenepo zaka makumi awiri chifukwa cha msana, ndipo tsiku lina anatsitsapo ngakhale Wapampando amene, mvula ikugwa.

5.2 Abiti Yasini anayang'ana kunyanja, anakonza mpango wawo. Anati msana wawo masiku ano ukumva bwino akakhala pamatumba, ndiponso kumbuyo kuli kamphepo kabwino, kutsogolo akhaleko amene akufuna. Limeneli ndi bodza, tonse tinadziwa. Komiti inagwirizana kuti lilembedwe ngati zoona, ndipo Mlembi walilemba.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 14 Juni 2025, pamalo omwewa. Msonkhano unatha 11:40 m'mawa ndi pemphero la Bambo Yamikani.

Saidi Amini, Wapampando ....................

Elenala Namakhwa, Mlembi ....................